Mwana Wamng'ono ndi Galu wa Eni Ake

Amayi anzanga, pali mawu amene amanenedwa tsiku ndi tsiku pa zipata ndi pa mabwalo a nyumba zathu, ndipo amanenedwa ndi mtima wabwino: "Lowani, saluma ameneyo." Mwini khomo akatero sanama ayi. Galuyo anamulera yekha kuyambira ali kamwana, amamupatsa mkute m'mawa uliwonse, ndipo chikhalire sanamuonepo akuluma munthu wa pakhomopo. Koma chimene mwini khomo akudziwa ndi khalidwe la galu wake pamaso pa anthu amene galuyo anawazolowera. Za mwana wanu wa zaka 3, amene mwangomutsitsa kumbuyo ndipo akuthamangira pamene galu wagona, manja ali m'mwamba, akufuula mokondwa, mwini khomoyo sadziwa kanthu. Sabata ino ndati tikambirane za ana athu ndi agalu achilendo, ndiponso za munthu amene ayenera kuima pakati pa awiriwa.

Tiyambe ndi mwanayo. Ife akuluakulu galu timamuyang'ana chotsitsa maso, ndipo akalusa chimene amapeza pafupi ndi mwendo kapena dzanja. Koma mwana wa zaka 3 kapena 4 nkhope yake imalingana ndi pakamwa pa galu. N'chifukwa chake ana aang'ono akalumidwa mabala awo kawirikawiri amakhala kumaso, kumutu ndi m'khosi. Bala la pa katumba limapola n'kubisika m'chitenje, koma chipsera cha pa tsaya kapena pa chikope mtsikana amakula nacho mpaka pa tsiku la ukwati wake. Ndipo monga tione kutsogoloku, bala loyandikira kumutu lili ndi choopsa china choposa chipsera.

Kuwonjezera apo, mwana samva chinenero cha galu. Agalu ambiri saluma asanachenjeze, kungoti chenjezo lawo si la mawu. Galu amene sakufuna kuyandikiridwa amayamba ndi kutembenuzira mutu kumbali, kunyambita milomo, kuyasamula ngakhale alibe tulo, kapena kungodzuka n'kusuntha. Zimenezi zikapanda kumveka amaumitsa thupi, makutu amawagonetsa kumbuyo, ubweya wa pamsana umaima, kenaka amalirira m'khosi ndi kuonetsa mano. Mlenje aliyense wa kumudzi amawerenga zizindikiro zimenezi monga mphunzitsi awerengera kalata. Koma mwana wamng'ono akaona mano oyera ali pamtunda akhoza kuyesa kuti galu akumusekerera, pakuti kwa anthu onse amene iye amawadziwa kuonetsa mano ndiko kukondwa. Nawonso mchira umanyenga. Ambiri tinakula tikudziwa kuti galu wogwedeza mchira ndi wokondwa, koma si nthawi zonse. Mchira woimitsidwa m'mwamba, wouma, wogwedezeka pang'ono chabe pamene thupi lonse lili chiimire, ndi wa galu amene mtima wake suli m'malo, ndipo akhoza kulumpha nthawi iliyonse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zimene mwana amachita posonyeza chikondi n'zomwezo zimene galu amaziona ngati kumuputa. Mwana amakumbatira m'khosi, amayang'anitsitsa m'maso, amayandikizitsa nkhope yake, amagwira makutu ndi mchira. Akachita mantha amakuwa n'kuliyatsa liwiro, ndipo palibe chimene chimadzutsa mtima wa uzimba mwa galu koposa kanthu kakang'ono kothawa kakulira. Tsono mwana wotere tingamuimbe mlandu wanji? Iye wachita za msinkhu wake, galunso wachita za chibadwa chake. Amene anali ndi nzeru zoonera patali pamenepo ndi munthu wamkulu yekha.

Ndamvapo abambo ena, ngakhalenso agogo, akunena kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Msiyeni amulume kamodzi, mawa sadzabwerezanso. Mwambiwu ndi wabwino pa malo ake. Mwana wokakamira tsabola mulekeni alawe, adzalira pang'ono n'kumwa madzi. Koma nyanga ya nsatsi ikafota mwana amangoitaya n'kukatola choseweretsa china, pamene dzino la galu silifota. Phunziro limene malipiro ake ndi diso, kapena moyo umene, ine sindilivomereza, ngakhale atalinena ndi apongozi.

Tidzifunse tsono kuti ana athu amakumana nawo kuti agalu achilendowa. Kunena zoona, nthawi zambiri ndi pa ulendo umene tawatuma ndife. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Kawale wakazinga mandasi, kapena wathyola nkhwani, natuma kamtsikana ka zaka 7 kuti kakayendetse kumayadi kumene malonda amagulidwa bwino. Kumeneko nyumba iliyonse ili mu mpanda, ndipo kuseri kwa chipata kuli agalu akuluakulu amene analeredwa ndi cholinga chimodzi, choti aliyense wolowa popanda mwini nyumba asabwererenso bwino. Pa chipata pali chikwangwani chochenjeza, inde, koma kawirikawiri n'cha m'Chingerezi, ndipo mwana wa Sitandade 1 achiwerenga bwanji? Amagogoda, palibe woyankha, amakankha chipata kuti asuzumire, popeza mayi anati asabwere nawo mandasiwo. Sindikunena kuti ana aleke kutithandiza pa malonda, moyo wa m'tauni tonse tikuudziwa. Koma wotumidwa kumayadi akhale wosinkhukirapo, ayende awiri, ndipo lamulo likhale lakuti malonda amathera kunja kwa chipata. Wofuna nkhwani atuluke yekha. Chimodzimodzinso mpira ukagwera mu mpanda wa eni ake, kapena mango akapsa m'mwezi wa Disembala: mwana adziwe kuti mpanda sadumpha, amapempha kwa munthu wamkulu wa pakhomopo, ndipo akapanda kupezeka mpirawo ugone komweko.

Kumudzi kulibe zipata zachitsulo, koma ngozi zake ziliko. Timatuma mwana kukapala moto kapena kukabwereka sefa kwa anansi kuli chisisira, osadziwa kuti galu wawo wamkazi waswera kuseri kwa nkhokwe dzana. Palibe mwana amene angaone tiana ta galu tosaphenya bwino n'kudutsa osatigwira, ndipo palibenso galu woyamwitsa amene angalole zimenezo, ngakhale akhale wofatsa chotani masiku ena onse. Inu amene munaberekapo simungamudabwe.

Koma malo amene ine ndimaopa koposa ndi pa maliro, pa ukwati ndi pa chinkhoswe. Pamenepo nyama yaphikidwa, mafupa akutayidwa paliponse, ndipo agalu a mudzi wonse ndi a midzi yoyandikana asonkhana, anjala, osadziwana, olimbirana. Amayi tonse tili ku mafuwa, wina akuvundula nsima, wina akuomola, wina akutsuka mbale, ndipo aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye akuyang'ana ana. Mwana akuyendayenda pakati pa agaluwo ndi fupa m'manja, msuzi uli m'masaya. Galu wofuna fupa lija sasiyanitsa pamene fupa lathera ndi pamene chala chayambira. Pogawana ntchito pa zochitika zotere timasankha wa ku nkhuni, wa ku madzi ndi wa ku ndiwo. Tisankhenso mmodzi, munthu wamkulu, woti akhazike ana pamphasa, adye pamodzi iye akuona, ndipo asambe m'manja ndi kukamwa asanabalalike. Ndati munthu wamkulu chifukwa mlezi wa zaka 6 ndi mwana nayenso. Khanda logonekedwa pansi pa mtengo, phala lili m'milomo, mayi ali kumunda kapena pa mtondo, silinasiyidwe ndi munthu ngati womuyang'anira wake ndi kamtsikana kosewera phada.

Popeza sitingakhale paliponse, mwana ayenera kunyamula malangizo ena m'mutu mwake, ndipo akhale ochepa kuti asawaiwale. Galu amene akudya, amene wagona, amene ali ndi ana, amene wamangidwa, ndi amene akuoneka wodwala kapena wovulala, sagwiridwa, ngakhale akhale wa pakhomo pathu pomwe. Galu wa eni ake sayandikiridwa popanda mwini wake ndi munthu wamkulu wa kwathu. Ndipo galu wachilendo akamubwerera pa njira, asathawe, asakuwe, asatole mwala. Aime chiimire ngati mtengo, manja atapinda pachifuwa, maso akuyang'ana ku mapazi ake. Agalu ambiri amangonunkhiza n'kumapita, pakuti mtengo suthamangitsidwa. Akagwetsedwa pansi adzipinde ngati bongololo, maondo pachifuwa, nkhope pansi, manja ataphimba makutu ndi khosi, akhale chete kufikira galu atachoka kapena anthu atafika.

Mawu okha sakwana, chifukwa mantha akafika miyendo imathamanga yokha mutu usanaganize. Chitani ngati sewero madzulo mutatha kudya. Mchimwene wake wamkulu akhale galu, azikwawa ndi kuuwa, ang'onoang'ono aziima ngati mitengo, woyamba kugwedezeka watuluka. Adzaseka mpaka misozi, koma thupi lidzakhala likuphunzira. Muwauzenso, ndipo muwauze momveka, kuti ngati anyamula chakudya galu n'kuchifuna, achiponye patali n'kumusiya adye. Mwana amakakamira kathumba ka usipa kapena beseni la mandasi pamaso pa galu wolusa chifukwa akuopa zimene akaone kunyumba akafika chimanjamanja. Mumasuleni pa mantha amenewo lisanafike tsikulo.

Apa ndidandaulepo pang'ono za chizolowezi chathu choopseza ana ndi galu. "Ukapitiriza kulira ndikuitanira galu akudye." Timatero kuti atonthole msanga, ndipo amatontholadi. Koma mwana woleredwa motero akakumana ndi galu pa njira amakuwa ndi kuthawa, zimene n'zomwe tikumuletsa. Sitikufuna mwana wamantha, tikufuna mwana waulemu kwa galu, wodziwa kumupatsa malo ake. Mbali inayo kuli anyamata athu amene sangaone galu osamugenda, kapena amene amatosa galu womangidwa ndi kamtengo kudzera mu mpanda. Galu ameneyo amaphunzira kuti ana ndi adani, ndipo tsiku limene unyolo udzaduke sadzafunafuna amene anamugenda. Adzaluma kamwana kosalakwa kamene kakudutsa. Mukaona anyamata akuchita zimenezi adzudzuleni ngakhale asakhale anu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ambiri a ife nkhaniyi imatikhudza mbali ziwiri, pakuti ndife amayi a ana komanso ndife eni agalu. Galu amatchedwa wa abambo, koma womupatsa chakudya kawirikawiri ndi mayi, ndipo mlendo akafika masana wopezeka pakhomo ndi mayi. Tsono mukamva "Odi!" ndipo mwaona kuti mlendo ali ndi mwana, yambani mwamanga kapena kutsekera galu musanayankhe kuti alowe. Si kunyoza galu wanu, ndiponso si kuvomera kuti ndi wolusa. Ndipo ganizo lakuti galu amalondera bwino akamanidwa chakudya, akamamenyedwa, kapena akatsekeredwa m'kakhola kamdima tsiku lonse, ndi ganizo loipa. Galu wotere saluma akuba okha. Komabe, amayi anzanga, udindo wa mwini galu suchepetsa udindo wa mwini mwana. Ngozi ikachitika mukhoza kupita kwa amfumu kapena ku polisi, mwini galu akhoza kulipira, koma palibe bwalo limene linabwezapo khutu la mwana.

Tsopano ndifike pa chimene chimachititsa kuti nkhaniyi isakhale ya zipsera zokha, ndicho chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka mwa iwo a mu Africa ndi mu Asia. Pa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo pa anthu 10 aliwonse amene amafa nacho, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa pa bala lolumidwa, pa malo okandidwa, ngakhalenso galu akanyambita pa chilonda, m'maso kapena m'kamwa. Kakalowa kamakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo, ndipo ulendo umenewu kawirikawiri umatenga miyezi 2 kapena 3, ngakhale nthawi zina ndi sabata imodzi yokha, nthawi zinanso mpaka chaka. Bala likakhala kumaso kapena m'khosi njira yake imafupika, ndipo apa mpamene msinkhu wa mwana umamuipira kachiwiri.

Nthawi yonseyi mwana amakhala bwinobwino. Bala limapola, amapita ku sukulu, nkhani ya galu imaiwalika. Kenaka tsiku lina thupi limatentha, pa chipsera paja pamayabwa kapena kuchita dzanzi, mwana amasowa mtendere, amabwebweta, akaona madzi khosi limamuthina ngakhale ali ndi ludzu, ngakhale kamphepo kokha kamamudzidzimutsa. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, pafupifupi palibe amene amachira. Kuchipatala kulibe mankhwala ake, kwa asing'anga kulibenso, ndipo imfa imafika m'masiku owerengeka. Popeza galu uja anaiwalika kalekale, abale amayamba kulozana zala, ndipo nkhalamba ina yosalakwa imatchedwa mfiti. Ngakhale madokotala amene matendawa amawasokoneza. Mu 2007 kunasindikizidwa zotsatira za kafukufuku amene anachitika ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre: mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anapezeka kuti chinali chiwewe, ndipo mwa ana 26 amene poyamba ankayesedwa kuti anafa ndi malungo a mu ubongo, 3 chinali chiwewe.

Musayembekeze kuti galu wachiwewe mudzamuzindikira ndi thovu kukamwa ndi kuluma chilichonse. Ena amaterodi, koma ena amangofooka, kukhala phee, chibwano chitalendewera ngati wotsamwidwa ndi fupa, ndipo munthu wachifundo amapisa dzanja m'kamwa kuti alichotse. Nato tiana ta galu timadwala chiwewe, ndipo kagalu kongodziyendera kokha m'mbali mwa msewu ndi kamene mwana amakanyamula n'kubwera nako kunyumba atakafumbata pachifuwa. Amphaka nawo amachitenga, ndipo nkhandwe ikalowa m'mudzi masana dzuwa likuswa mtengo, yosaopa anthu, ana onse alowe m'nyumba.

Chosangalatsa n'chakuti chiwewe chimapewedwa, ndipo njira yake inapezeka kalekale. Mu Julayi 1885 mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, wa ku dera la Alsace, analumidwa malo ambiri ndi galu wachiwewe. Mayi wake anamutenga ulendo wautali kupita naye ku Paris kwa katswiri wotchedwa Louis Pasteur, amene pa nthawiyo ankayesa katemera wake pa nyama. Patangopita masiku 2 chilumidwireni, mnyamatayo anayamba kulandira katemerayo, ndipo sanadwale. Anakula nakhala ndi moyo mpaka 1940. M'mabuku amatamanda Pasteur, ndipo n'koyenera, koma ine ndimaganizanso za mayi uja amene sanakhale pansi kudikira kuti aone ngati mwana adwale. Tsiku limene Pasteur anamwalira, 28 Sepitembala, ndi limene dziko lonse limakumbukira za chiwewe chaka ndi chaka.

Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akatemeredwa, matendawa amasowa njira yodutsira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mothandizana ndi boma, linatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Tsono mukamva kuti a zaziweto abwera kudzatemera agalu pa sukulu kapena pa bwalo la amfumu, galu wanu asatsale, ndipo chikalata chimene akupatseni muchisunge pamodzi ndi mabuku a kuchipatala. Kungoti musatume mwana wamng'ono yekha kuti akoke galu kupita kumeneko, monga ambiri timachitira. Pamalo pamenepo pamadzaza agalu osadziwana, amantha, ndipo ndewu zawo sizichedwa.

Koma katemera wa anthu amathandiza mwana amene wanena kuti walumidwa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha kuti tidziyang'ane bwino. Mwana tamuletsa kusewera ndi agalu, tamuletsa kudumpha mpanda, tamulonjeza chikwapu akadzachita. Tsiku lina wadumphadi, galu wamukanda pa mkono kapena wamuluma pang'ono pa ntchafu, magazi sanatuluke ambiri. Kodi mwana ameneyu akafika kunyumba anena? Amatsitsa malaya, amapukuta ndi tsamba, akafunsidwa amati wagwa pa mwala kapena wabayidwa ndi minga. Mwa nzeru zake zachibwana wasankha bwino, pakuti chikwapu akuchidziwa, pamene chiwewe sanachionepo. Ukali wathu umene unali woti umuteteze ndi umene wamutsekera njira ya ku chipatala.

N'chifukwa chake pakhomo pakhale pangano lodziwika ndi mwana aliyense, lobwerezedwa kawirikawiri, ndipo abambo alivomereze pamaso pawo: wolumidwa, wokandidwa kapena wonyambitidwa pa chilonda ndi galu kapena mphaka, akanena sakwapulidwa, ngakhale zitachitikira kumalo koletsedwa. Za kusamvera mudzakambirana tsiku lina mitima itakhala pansi. Panganoli likhudzenso abale ake ndi anzake, pakuti ana amabisirana. Amene wabwera kudzanena za mnzake ayamikiridwe, asatchedwe kazitape. Ndipo pangano lotere likaswedwa kamodzi lokha, ana onse a pakhomopo aona, sadzakhulupiriranso. Inunso posambitsa ana aang'ono muziyang'ana thupi lonse. Mukaona timabowo tiwiri toyandikana kapena mikwingwirima yokandika, funsani mofatsa, mutakhala pansi, osati mutaimirira ndi mthiko m'manja.

Mwana akanena, kapena mukaona nokha, chinthu choyamba si kuthamangira kwa mwini galu kukalalata. Choyamba ndi madzi ndi sopo. Tsukani balalo kwa mphindi 15 zathunthu, madzi akuyenderera, kaya ndi pa mpopi, pa mjigo, kapena wina akuthira ndi kapu kuchokera mu ndowa. Sopo aliyense ndi wabwino, ngakhale wochapira zovala. Mphindi 15 n'zambiri kwa mwana amene akulira, ndipo mudzafuna kulekeza pa zitatu. Yang'anani pa wotchi kapena pa foni, wina amugwire. Kutsuka kumeneku kumachotsa ndi kupha tizilombo tambiri tisanalowe m'kati. Ngati muli ndi spiriti kapena ayodini pakani mukatha. Musathirepo tsabola, mchere, phulusa, dothi, mafuta a galimoto kapena ubweya wootcha wa galu yemweyo monga ena amalangizira, ndipo musalimange mothina. Likamatuluka magazi ambiri psinjani ndi nsalu yoyera muli pa ulendo.

Ulendowo ndi wa ku chipatala, tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati lobayidwa ndi singano. Kumeneko fotokozani zonse: galu wake ndi wa yani, anali wotani, anaputidwa kapena anangolumpha yekha, ndipo zinachitika liti. Adokotala ndiwo aone ngati pakufunika katemera wa chiwewe, jakisoni wa kafumbata, kapena mankhwala ena obaya pa bala pomwepo amene amaperekedwa pa mabala akuya ndi a kumutu kumene alipo. Katemerayu saopsa kwa khanda kapena kwa mayi woyembekezera. Ndipo ngati mwana waulula mochedwa, patapita sabata kapena mwezi, musanene kuti nthawi yatha; malinga ngati zizindikiro sizinayambe, pitani naye.

Za galuyo, ngati ndi wodziwika ndipo akuoneka wabwinobwino, anthu asathamangire kumupha. Amangidwe pa malo amene ana safikapo, azipatsidwa chakudya ndi madzi, ayang'aniridwe kwa masiku 10, pakuti galu amene anali kale ndi kachilomboka m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa m'masiku amenewa. Mlangizi wa ziweto auzidwe. Pemphani mwini galu, mwaulemu, kuti akuonetseni chikalata cha katemera. Ndi mnansi wanu, ndipo mudzafuna kuti akuuzeni zoona galuyo akasintha. Koma masiku 10 amenewa si oti mwana adikire kunyumba: iye ayambe kulandira chithandizo, zotsatira za galu zikamupeze ali m'kati. Galuyo akafa kapena akaphedwa, ana asamukhudze, ndipo a zaziweto ndiwo anene chochita ndi mtembo wake.

Zimachitika kuti pa chipatala chaching'ono katemerayu palibe. Musabwerere kunyumba n'kunena kuti mwayesa. Pemphani kalata yopitira ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, ndipo ngati ndalama yoyendera palibe, nkhuku igulitsidwe, kapena amayi a ku banki mkhonde akubwerekeni madzulo omwewo. Katemerayu sabayidwa kamodzi. Amaperekedwa maulendo angapo pa masiku osiyana, ndipo masikuwo adzakulemberani m'buku la kuchipatala. Ulendo woyamba tonse timapita, chifukwa magazi tawaona. Wovuta ndi womaliza, pamene bala lauma, mwana akusewera mpira, ndipo kumunda udzu wakula. Masikuwo alembeni ndi khala pa khoma, pafupi ndi pamene mumapachika sefa, ndipo muuze mnzanu mmodzi woti adzakukumbutseni.